Mphete, matcheni ndi ndolo zongokhala mu kabokosi: mugulitse kwa ndani?

Pafupifupi aliyense amene anavalapo zodzikongoletsera ali ndi kabokosi kapena kachitini kenakake kamene kanabisala pansi pa zovala. Mukakatsegula mupezamo ndolo imodzi imene inzake inasowa kalekale, tcheni choduka pokolowekera, mphete imene inasiya kulowa chala, mwinanso chibangili chimene anakupatsani munthu amene pano simufuna nkomwe kumukumbukira. Zimangokhala choncho zaka ndi zaka. Nde tsiku lina mavuto akakupanani maganizo amathamangira pomwepo, kuti kodi tinthu timeneti sitingandipatseko kangachepe? Tingakupatseni ndithu, nthawi zina kuposa mmene mumayembekezera, nthawi zina zochepa mpaka mtima kuwawa, ndipo kusiyana konseko kumachokera pa khomo limene mwagogoda.

Ine zinandionekera. Ndinali ndi tinthu tinayi, tcheni chimodzi cholemerako, mphete ziwiri ndi ndolo yopanda inzake, ndipo ndalama ndinkazifuna tsiku lomwelo. Ndinalowa pa shopu yoyamba imene ndinaona kuti analemba zoti amagula golide. Bambo amene anali pa kauntala anangotenga zonse pamodzi nkuziunjika pa sikelo imene manambala ake ankayang'ana kwa iwowo, anadinadina kakalikuleta, nkutchula mtengo. Sindinafunse chilichonse, ndinalandira nkutuluka. Patapita masabata angapo ndikuyang'ana zithunzi mu foni ndinapeza chimene ndinajambula tcheni chija chili pa tebulo, nditakulitsa ndinaona kuti pokolowekera paja panalembedwa 750, nambala yosonyeza kuchuluka kwa golide amene alimo. Mphete zija ndinkadziwa kale kuti zinali 375. Nditakhala pansi kuwerengetsera ndinapeza kuti ndalama zimene ndinalandira zinali za ngati zonsezo ndi 375, chonsecho tcheni chija chinali ndi golide wowirikiza kawiri pa galamu iliyonse. Mpaka pano ndikakumbukira zimandipweteka, nchifukwa chake ndikulemba zimenezi.

Musanayambe kuganiza zoti mupite kuti, dziwani kaye chimene mwagwira m'manja. Mtengo wa chodzikongoletsera umabisala malo atatu, mwina uli mu chitsulo chake, mwina mu mwala umene anaikapo, mwina mu dzina la amene anachipanga ndi kapangidwe kake. Wogula aliyense amalipira chimodzi mwa zitatuzi, zinazo amaziona ngati palibe. Wosungunula amangoona chitsulo basi. Wokonda mafashoni amaona dizaini. Nde mukapititsa chinthu cha dzina kwa wosungunula mwataya, mukapititsa tcheni choduka ku okushoni mwataya nthawi.

Poyambira ndi pa chidindo. Yatsani kamera ya foni, kulitsani, muyang'ane mkati mwa mphete, pokolowekera tcheni, kapena pa kawaya ka ndolo kamene kamalowa m'khutu. Timanambala take timakhala ting'onoting'ono zedi, nthawi zina todzaza litsiro moti muyambe mwapukuta ndi kansalu. Golide wosasakaniza ndi wa makarati 24, koma ameneyo ndi wofewa, sachedwa kupindika ndi kukalika, nde opanga amamusakaniza ndi mkuwa, siliva kapena zitsulo zina kuti alimbe. Mukaona 916 ndi makarati 22, 750 ndi 18, 585 ndi 14, 417 ndi 10, ndipo 375 ndi 9. Nambalayo ikungokuuzani kuti pa magawo 1000 alionse, angati ndi golide weniweni. 925 ndi siliva, olo chinthucho chikuoneka chachikasu, ndiye kuti ndi siliva amene anangomupaka golide pamwamba. Pt950 ndi platinamu, ameneyo musamusokoneze ndi siliva chifukwa amaoneka mofananako koma mtengo wake ndi wina. Mukapeza zilembo GP, GEP kapena HGE, golide wake ndi wongopaka, wopyapyala kwambiri, ndipo osungunula ambiri sangachilandire nkomwe. GF ndi wokutira wokhuthalako pang'ono koma mkati mwake ndi chitsulo china.

Chidindo si umboni wotheratu, a feki nawonso amadinda, komanso zinthu zina zakale zenizeni zilibe chidindo kapena chinafufutika ndi kuvala. Maginito amathandizako: golide ndi siliva sakokedwa, nde chinthu chikadumphira pa maginito dziwani kuti mkati muli chitsulo wamba. Kungoti pokolowekera pokha pamatha kukokedwa chifukwa mumakhala kasipuling'i kachitsulo, zimenezo zisakuopseni. Komanso mkuwa nawo sukokedwa, choncho kusakokedwa sikutanthauza kuti mwapeza golide.

Kenako sikelo. Olo yakukhitchini, bola iziwerenga magalamu, ikupatsani chithunzi. Mtengo wa golide umene dziko lonse limayang'anako umalengezedwa ku London kawiri pa tsiku la ntchito, 10:30 m'mawa ndi 3 koloko masana nthawi ya kumeneko, amautcha LBMA Gold Price, ndipo pa intaneti mitengo ya golide imapezeka ulere nthawi iliyonse. Amautchula pa troy ounce, imene ndi magalamu 31.1, osati ounce wamba ya magalamu 28.35 ija. Gawani mtengowo ndi 31.1, mwapeza mtengo wa galamu imodzi ya golide wosasakaniza. Nde ngati tcheni chanu ndi magalamu 12 ndipo chalembedwa 750, golide weniweni alimo magalamu 9. Mphete ya magalamu 4 yolembedwa 375 ili ndi galamu imodzi ndi theka basi. Chulukitsani magalamu a golide weniweniwo ndi mtengo wa galamu imodzi uja, lembani pa kapepala, kaikeni m'thumba. Palibe wogula kuti akasungunule amene adzakupatseni nambala yonseyo, koma ndi imene ikuuzeni ngati akukudulani pang'ono kapena akukudyerani masuku pamutu.

Tiyambe ndi ogula golide kuti akasungunule, poti ndi kumene anthu ambiri amathamangira. Ubwino wawo ndi woonekeratu, mumalowa ndi katundu mumatuluka ndi ndalama, ndipo sasamala kuti chinthucho ndi choduka, chopindika, chachikale kapena ndolo yopanda inzake. Kwa zinthu zoonongeka palibenso njira ina yabwino kuposa imeneyi. Amalipira pansi pa mtengo wa pa kapepala kanu chifukwa nawonso akalipira woyenga golideyo, ali ndi lendi, akufunanso phindu, ndipo pamenepo palibe cholakwika. Vuto ndi loti amasiyana kwambiri, wina amadula pang'ono, wina amadula moti mungadabwe kuti akunena za tcheni chomwechi. Nde kufunsa malo atatu si kuvuta ayi, ndi kudzithandiza.

Mukafika onetsetsani mmene akuyezera. Ambiri amatenga kamwala kakuda kosalala, amakhulapo chinthu chanu mpaka pasale kamzere kachikasu, kenako amadonthezapo asidi wochokera mu timabotolo tolembedwa 10K, 14K, 18K. Kamzere kakasungunuka nkusowa ndiye kuti golideyo ndi wotsika kuposa botololo, kakatsala ndiye kuti wafikapo. Ena amafuna kupala kapena kucheka pang'ono kuti aone mkati, pamenepo akufunseni kaye, chifukwa mukakana mtengo wawo mutuluka ndi chinthu chovulala. Ena ali ndi makina a XRF amene amawerenga zitsulo zonse zimene zili pamwamba pa chinthucho osachikanda nkomwe, mumangoona maperesenti pa sikirini. Chilichonse chichitike inu mukuona. Sikelo iyang'ane kwa inu, iyambire pa 0, makarati osiyana ayezedwe padera padera, ndipo akuuzeni mtengo wa galamu imodzi pa karati iliyonse asanakuuzeni totala. Ena amayeza mu dwt, imene ndi magalamu pafupifupi 1.56, nde akatchula mtengo wa dwt umamveka wokwera mukaufanizira ndi wa galamu wa shopu ina, chonsecho ndi wotsika. Akati tikayezere kuseri, tengani katundu wanu muzipita. Ngati pali timiyala, funsani kuti akuchotsera kulemera kwake bwanji ndipo akubwezerani kapena ayi, chifukwa ambiri salipira miyala koma amatsala nayo.

Palinso makampani amene amati muwatumizire pa positi kapena pa kouriya, iwo ayeza nkukutumizirani ndalama. Ena ndi achilungamo ndipo amalipira bwino poti alibe ma shopu ambiri olipira lendi. Koma ine mtima wanga sukhazikika ndi njira imene katundu amachoka m'manja mtengo usanamveke. Ngati mwasankha imeneyi, jambulani chilichonse chili pa sikelo, tumizani ndi inshuwalansi, ndipo werengani kuti akupatsani masiku angati oti mukane asanasungunule, komanso wolipira kubweza katunduyo ndi ndani.

Ma shopu ogulitsa zodzikongoletsera ndi osiyanako. Ngati chinthu chanu chili bwinobwino ndipo akuona kuti atha kuchipukuta nkuchiika pa galasi, atha kukupatsani kuposa mtengo wosungunula, poti akugula chinthu osati chitsulo chabe. Akaona kuti ndi fashoni imene inatha, abwerera ku mtengo wa sikelo womwe uja. Ambiri amakonda kukuuzani kuti musinthitse, musiye chakalecho mutenge chatsopano nkuwonjezera ndalama, ndipo mtengo wosinthitsa umakhala wokomerako kuposa wa kashi. Zili bwino ngati mumafunadi chatsopanocho, koma ngati munabwera chifukwa cha ngongole kapena bilu, musalole kuti akutembenuzeni mutu mutuluke mutaononganso ndalama zina.

Nde pali pinyolo, imene anthu ambiri amaisokoneza ndi kugulitsa. Kupinyolitsa ndi kukongola ndalama mutasiya chinthu chanu ngati chikole. Amakupatsani kachiphaso, mumagwirizana tsiku, mukabweza ndalama ndi chiwongola dzanja chake mumatenga katundu wanu, mukalephera katunduyo amagulitsidwa. Ndalama zimene amakupatsani zimakhala zochepa kuposa mukanagulitsiratu, chifukwa iwo amadziteteza kuti mukapanda kubwera asaluze. Njira imeneyi ili ndi malo ake, ndipo ndi amodzi okha: chinthucho mumachikonda, simukufuna kusiyana nacho, ndipo mukudziwa motsimikiza tsiku limene ndalama zobwezera zibwere. Ngati mumtima mukudziwa kuti simudzabwerera, musapinyolitse, gulitsani. Ndaonapo munthu akulipira chiwongola dzanja mwezi ndi mwezi kuti mphete isapite, kungokankhira tsiku kutsogolo, mpaka zimene analipira zinaposa zimene anakongola, ndipo mphete ija inapitabe. Funsani chiwongola dzanja cha pa mwezi, funsani ngati pali ndalama zina zosungira katundu, funsani kuti mukachedwa ndi tsiku limodzi chimachitika nchiyani, zonsezo zilembedwe pa pepala. Malo ambiri a pinyolo amagulanso mwachindunji, nde funsani mitengo yonse iwiri muone.

Kugulitsa nokha kwa munthu amene akufuna kukavala ndi kumene kumabweretsa ndalama zambiri pa zinthu zabwinobwino, chifukwa pakati palibe wina wodyapo. Facebook Marketplace, eBay, Instagram, magulu a pa WhatsApp, konseko anthu amagula. Koma ntchito yonse imene shopu ikanagwira yagwera inu. Mujambule zithunzi zooneka bwino, pafupi ndi windo masana osati ndi fulashi, pa nsalu yopanda maluwa, chithunzi china chionetse chidindo, china chionetse chinthucho chili pa sikelo manambala akuoneka, china chionetse pamene panakalika. Musabise chilema, wogula akachipeza yekha mkangano wake ndi wautali. Poika mtengo musayang'ane zimene ena akuitanitsa, yang'anani zimene zinagulidwadi, pa eBay pali posankha kuti muone zogulitsidwa kale. Muwerengerenso komishoni imene pulatifomu imadula ndi ndalama zotumizira, chifukwa mtengo umaoneka wokoma pa sikirini koma zofika m'manja zimakhala zina.

Ndipo muzikhala okonzeka kudikira. Masiku, masabata, mameseji a anthu ofunsa kuti chilipo kenako zii, ena onenerera mpaka theka asanachione nkomwe. Zimatopetsa. Choopsa kwambiri ndi akuba, poti golide ndi kanthu kakang'ono kodula kosavuta kuthawa nako. Sikirinishoti yoti ndatumiza ndalama si ndalama, meseji yooneka ngati yachokera ku banki si ndalama, tsegulani akaunti yanu nokha muone ngati zalowadi musanapereke kanthu. Wina amati ndatumiza zopitirira mwangozi, mundibwezere zapamwambazo, ameneyo ndi wakuba basi, zimene akuti watumizazo kulibe kapena zidzabwezedwa. Wina amati sinditha kubwera nditumiza mnyamata wanga adzatenge, ndalama zibwera pambuyo, ayi. Musaitanire munthu wosamudziwa kunyumba, mwamuonetsa pamene pali katundu. Kumanani masana pa malo a anthu ambiri, mkati mwa banki ndi bwino kwambiri poti ndalama muziika pompo, kapena pa shopu ya zodzikongoletsera kuti wogulayo ayezetse akhutire, ndipo mupite ndi munthu wina. Ngati mukutumiza kutali, jambulani vidiyo mukupakira, tumizani mwa njira yoti wolandira asainire, chifukwa alipo amene amalandira nkunena kuti bokosi linafika lopanda kanthu kuti ndalama zawo zibwezedwe.

Ngati zonsezi zakuchulukirani, pali njira yapakati, kusiya chinthucho pa shopu kapena pa webusaiti imene imagulitsira anthu, iwo nkutengapo gawo lawo chikagulidwa. Simukumana ndi alendo, zithunzi ajambula okha, makasitomala ali nawo kale. Mumapeza zochepa kuposa kugulitsa nokha koma nthawi zambiri zoposa za wosungunula. Kungoti ndalama zimabwera chikagulidwa basi, mwina mwezi uno mwina miyezi isanu ikubwerayi. Pepala la mgwirizano linene mtengo wotsikitsitsa umene mungalole, komishoni yawo, ndi amene alipire chikabedwa kapena kuonongeka chili m'manja mwawo.

Okushoni ndi ya zinthu zapadera. Sotheby's inayamba mu 1744, Christie's mu 1766, zonse ku London, ndipo nyumba zikuluzikulu za okushoni ngati zimenezi zimafuna miyala ikuluikulu, zinthu zakale zosowa ndi za mayina akuluakulu. Palinso ma okushoni ang'onoang'ono amene amalandira zapakatikati. Kukoma kwake nkoti anthu awiri akalimbirana chinthu chanu mtengo umakwera kuposa mmene shopu iliyonse ikanakupatsirani, ndipo ambiri amakuuzani ulere mtengo umene akuyembekezera mukawatumizira zithunzi. Koma amadula komishoni kwa inu, amadulanso ina kwa wogula, zimene zimapangitsa ogula kuitanitsa motsikirapo, mumadikira tsiku la okushoni, mumadikiranso malipiro pambuyo pake. Ikani mtengo umene pansi pake chisagulitsidwe. Kwa tcheni wamba musavutike nazo.

Apa ndiime kaye pa nkhani ya mayina, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri osadziwa. Chinthu cha makampani otchuka monga Cartier, Tiffany & Co., Bulgari kapena Van Cleef & Arpels chimagulidwa chifukwa cha dzinalo, golide wake ndi gawo chabe la mtengo. Kuchipereka kwa wosungunula kuli ngati kugulitsa galimoto yoyenda bwinobwino kwa ogula zitsulo zakutha. Yang'anani dzina ndi nambala zimene anazokota mkati, funani bokosi lake, lisiti, satifiketi, chilichonse chimene chinabwera nacho, chifukwa za feki za mayina amenewa zachuluka ndipo wogula amalipira bwino akakhala ndi umboni. Chimodzimodzi zinthu zakale kwambiri zimene munasiyiridwa, musathamangire kuzipukuta ndi mankhwala kuti ziwale, ogula zakale amafuna zili mmene zilili, ndipo miyala ina monga opal ndi emerald komanso ngale zimaonongeka ndi mankhwala. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kaburashi kofewa ndi zokwanira pa golide wamba.

Dayamondi ndi amene amaswa mitima. Munthu amabwera ndi mphete ya chinkhoswe, lisiti lili m'manja, akuganiza kuti apeza pafupifupi zimene zinalipiridwa, nde akamva mtengo amangoti kakasi. Zoona zake nzoti mtengo wa mu shopu umakhala ndi phindu la shopu, lendi, malonda ndi msonkho, ndipo wa shopu atha kugula mwala ngati womwewo kwa omupikulitsa pa mtengo wotsika, nde alibe chifukwa chokupatsirani zoposa pamenepo. Pepala limene munalembetsa chifukwa cha inshuwalansi nalonso limasocheretsa, limanena ndalama zogulira china chatsopano ngati chimenechi chitatayika, osati zimene munthu angakupatseni lero. Chimene chimathandiza ndi satifiketi ya labu yodziwika monga GIA, imene imalemba kulemera kwa mwala, mtundu, kuyera kwake mkati ndi kadulidwe. Miyala yambiri yokhala ndi satifiketi ili ndi nambala yolembedwa ndi leza m'mbali mwake, yooneka ndi galasi lokulitsa. Musasokoneze karati ya golide ndi ya mwala, ya mwala ndi kulemera, imodzi ndi magalamu 0.2. Mwala umodzi waukulu uli ndi msika wake, koma timiyala ting'onoting'ono tozungulira tija ogula ambiri amatiwerengera pang'ono kapena osatiwerengera nkomwe. Ndipo masiku ano kuli dayamondi wopangidwa mu labu, amene ndi dayamondi ndithu koma mtengo wake wakhala ukutsika, pogulitsanso amabweza zochepa kwambiri. Mukaona CZ mkati mwa mphete ndiye kuti mwalawo ndi cubic zirconia, wongofanana ndi dayamondi, mtengo uli mu chitsulo chokha. Ngati muli ndi mwala waukulu wabwino, pitani kwa ogula miyala, ku okushoni kapena mugulitse kwa munthu wofuna kuvala, wosungunula akhale womaliza.

Siliva ndi nkhani yaifupi. Pa galamu ndi wotsika kuposa golide maulendo makumi angapo, nde kandolo ka siliva pa sikelo sikabweretsa kanthu kooneka. Ngati kali bwino gulitsani ngati chovala, ngati nzoduka sonkhanitsani zichuluke kaye. Zopaka golide ndi za mafashoni wamba nazonso musataye, zimangeni mulu umodzi mujambule mugulitse pamodzi, alipo amene amagula kuti avale kapena aphwasule apangire zina.

Achibale ndi anzanu ndi msika umene anthu amauiwala, chonsecho ndi amene anakhala akuchisirira chibangili chimenecho. Palibe komishoni, palibe mantha a akuba. Koma ndi kumenenso kumabadwa mawu oti ndikupatsa kumapeto a mwezi, mwezi nkukhala chaka, inu osatha kukumbutsa poopa kudana. Ngati mukugulitsa kwa wanu, tchulani mtengo momveka, muuzeni mmene mwaupezera, ndipo katundu achoke ndalama zitafika. Ndipo poti tatchula achibale, onetsetsani kuti chinthucho ndi chanudi chogulitsa. Za malemu zimene simunagawane, kapena mphete imene mwini wake wina angaifunse, kambiranani kaye, chifukwa ikalowa mu ng'anjo palibe amene angaibweze. Ogula ovomerezeka m'mayiko ambiri amafuna chiphaso chanu nkulemba zimene mwagulitsa, ndi njira yotsekera katundu wakuba, nde musakhumudwe akakufunsani, ndipo inunso mufunse lisiti lolembedwa kulemera, karati ndi mtengo. Amene sakufunsani chilichonse ndipo sakufuna kulemba kanthu ndi amene muyenera kumukayikira.

Nde mukaziika pamodzi, ine ndimaona chonchi. Zoduka, zopindika ndi zopanda inzake zipite kwa wosungunula, mutafunsa malo angapo kapepala kanu kali m'thumba. Zabwinobwino zovalika, ngati muli ndi masabata odikira ndi mtima wopirira mameseji, gulitsani nokha, ngati mulibe siyani pa shopu akugulitsireni. Za mayina, zakale ndi za miyala ikuluikulu zionedwe kaye ndi katswiri amene sakufuna kugula, olo mumulipire, chifukwa wogula akakhala yemweyo wokuuzani mtengo mukudziwa kale mbali imene akokere. Pinyolo ndi ya chinthu chimene mukufuna chibwerere.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi chibangili cha 585 chimene chinathyoka pa hinji ndi ndolo ziwiri za 750. Ndinayeza kunyumba, ndinalemba, ndinaika chilichonse mu kapulasitiki kake. Shopu yoyamba anafuna kuunjika pamodzi ngati kale lija, ndinati ayi, yezani padera, ndipo nkhope yawo inasintha pang'ono atangoona kuti ndatulutsa kapepala. Yachiwiri anatchula mtengo wotsika kwambiri, nditawaonetsa nambala yanga anakweza pompo osatsutsa nkomwe. Yachitatu mayi wake anatembenuza sikelo yekha kuti ndione, anayeza ndi makina, nkundiuza kuti chibangili agula koma ndolozo ndisasungunulitse, ndi zabwino, ndipeza wozivala. Ndinagulitsa chibangili pomwepo. Ndolo zija ndinazijambula pa windo tsiku lotsatira, zinakhala masabata atatu, kenako anazigula mtsikana wina amene tinakumana mu banki, anazivala tili pa mzere womwewo ndikudikira kuika ndalama. Mu kabokosi munatsala mphete imodzi yopyapyala ya mayi anga, ya 375, yopepuka moti sikelo yakukhitchini imachita kuvutika kuiwerenga. Imeneyo ndinakaikulitsa, ili pa chala.